Tambala wa ngongole

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Tambala amene akulira panjayu wandikumbutsa mkulu wina wa mumzinda wa Athens, ku Greece, dzina lake Socrates.

M'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, ali ndi zaka pafupifupi 70, bwalo linamugamula kuti afe pomwa chiphe. Mlandu wake ati ankasocheretsa achinyamata komanso sankalemekeza milungu ya mzindawo. Chenicheni n'chakuti mkuluyu ankayendayenda pamsika wopanda nsapato, n'kumafunsa anthu otchuka kuti chilungamo n'chiyani, mpaka iwo kugwidwa manyazi poona kuti zomwe ankadzitama nazo sankazidziwa.

Ali m'ndende, mnzake wachuma, Crito, anafika mbandakucha kudzamuuza kuti ndalama zotsekera alonda pakamwa zilipo, athawire ku Thessaly, dera lina la ku Greece komweko. Anakanitsitsa. Anati munthu asabwezere choipa pa choipa, ngakhale amulakwire chotani. Ife mawu otere timawawerenga pa Aroma 12:17, komatu iye anawanena zaka zoposa 400 Paulo asanalembe kalatayo.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi mawu ake omaliza. Chiphe chija chitaziziritsa miyendo n'kukwera mpaka pamimba, anavundukula nsalu kumaso n'kuuza Crito kuti ali ndi ngongole ya tambala kwa Asclepius, akaipereke, asaiwale. Asclepius anali mulungu wa machiritso wa Agiriki, ndipo ife sitimugwadira ayi. Komabe taganizani: anzake misozi ili mbwee, mpweya ukutha, iye mtima uli pa nkhuku imodzi yomwe sinaperekedwe.

Ine pamenepa manyazi andigwira. Pali mayi wina wogulitsa tomato amene ndinamuuza kuti "ndibweretsa mawa", ndipo mawa lakelo latha miyezi iwiri. Masiku ano ndimachita kuzungulira njira ina kuti tisaonane. Nanga chowinda chija ndinalonjeza Mulungu mwana ali m'chipatala? Mwana anachira, akusewera mpira, koma ine zii. Mlaliki 5:4 akuti ukawinda kwa Mulungu usachedwe kuchita. Timapemphera mokweza za ngongole zikuluzikulu, pamene zing'onozing'ono, za mchere ndi makala, timaziyesa zosawerengeka.

Crito anayankha kuti zichitika, n'kufunsa ngati pali china. Mkulu uja sanayankhenso.

Ine ndisanakwere minibasi m'mawa uno ndiyamba ndadzera kwa mayi wa tomato uja.