Sitovu yankhuni ku UK: muziipatsa nkhuni zouma ndi mpweya, osaitsamwitsa

[Kamera yaloza sitovu, moto sunayatsidwe]

Mwaswera bwanji abale anga, kaya mukuonera muli ku Leicester, ku Manchester, ku Leeds kapena ku Glasgow, takulandirani. Lero nkhani ndi ya chinthu chili kumbuyo kwangachi, sitovu yankhuni, mmashopu muno amati log burner. Chikwerereni mabilu a gasi ndi magetsi mu 2022 muja anthu ambiri ayamba kugula zimenezi, ena mwangosamukira mnyumba mwaipeza ilimo kale, ndiye Novembala wafika, 4 koloko kunja kwada kale, ana akunjenjemera, mukufuna muyatse. Yatsani ndithu koma tamverani kaye izi.

Ifeyo moto timaudziwa, palibe wotiphunzitsa kukoleza moto. Koma pali chizolowezi chimodzi chakwathu chomwe kuno chikhoza kukupwetekani. Kumudzi madzulo timasiya chikuni chachikulu pamoto, nkuchikwirira ndi phulusa kuti chizinyeka pang'onopang'ono mpaka mmawa tidzangouzira moto nkuyaka. Kukhitchini kwa agogo zimenezo ndi nzeru chifukwa utsi umatulukira mu udzu ndi mmipata. Nyumba za kuno ndi zotsekeka, mawindo a magalasi awiri, zitseko zopanda mpata olo wa chala, ndiye sitovu iyi anaipanga kuti iziyaka ndi malawi owala, motentha. Ukainyekereza, galasi limada, chumuni chimadzaza phula, kutentha kwenikweni osakupatsa, komanso mpamene pamatuluka mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Zonse ndinene muvidiyo ino zikuzungulira pamenepa.

Tiyambe ndi amene simunagule. Musathamangire sitovu yaikulu poganiza kuti bola yaikulu itenthetsa nyumba yonse. Mphamvu yake amaiyeza mu ma kW, ndipo masamu omwe ogulitsa amagwiritsa ntchito ndi osavuta: tengani mulitali mwa chipinda, chulukitsani ndi mulifupi ndi kutalika kwake kupita kudenga, zonse mmamita, kenako gawani ndi 14. Sitingirumu ya mamita 5 kwa 4, denga 2.4, ikutipatsa 48, kugawa ndi 14 ndi 3 ndi kachidutswa. Ndiye ya 4 kapena 5 kW yakwana. Mukaika ya 8 kW mchipinda chotere mutuluka thukuta, muyamba kutseka mpweya kuti moto uchepe, basi mwalowa kale mu vuto ndanena lija. Komanso ikapitirira 5 kW malamulo a zomangamanga amafuna pakhoma pakhale kabowo kolowetsa mpweya kosatseka, ndipo nyumba zatsopanozi zimafuna kabowoko olo sitovu ikhale yaing'ono. Mukakapeza kabowo kotere mnyumba mwanu chonde musakatseke ndi nsanza ati kakulowetsa mphepo, ntchito yake ndi yomweyo.

Zoika, apa ndiye ndilankhule mosabisa. Musaitane mnzanu woti amadziwa zowotcherera kuti adzakulumikizireni Loweruka. Ku England ndi Wales mumaitana munthu wolembetsedwa ku bungwe ngati HETAS, iyeyo akamaliza amakupatsani satifiketi, apo ayi mudutse ku Building Control ya khansolo yanu adzayendere. Pepala limenelo lisungeni, a inshuwalansi adzalifuna nyumba ikadzapsa, ndipo pogulitsa nyumba adzalifunsanso. Ngati mukuchita lendi, musayatse musanamufunse landilodi kuti chumuni anachisesa liti. Ku Scotland malamulo ake ndi osiyanako pang'ono, funsani khansolo yakwanuko.

China, onani ngati dera lanu lili mu smoke control area, kutanthauza dera lomwe lamulo limaletsa utsi wa mchumuni. Zinayamba kalekale izi, mu Disembala 1952 ku London kunagwa chifunga chosakanikirana ndi utsi wa malasha, chinakhala masiku angapo ndipo anthu masauzande anafa, ndiye mu 1956 boma linakhazikitsa lamulo la Clean Air Act. Mpaka lero mbali yaikulu ya London, Birmingham, Manchester ndi mizinda ina ili mmadera oterewa. Kumeneko nkhuni mumaloledwa kuyatsa musitovu yokhayo yomwe DEFRA, unduna wa boma woona zachilengedwe, inaivomereza, pogula amalemba kuti DEFRA exempt. Chumuni chanu chikamafuka utsi khansolo ku England ikhoza kukulipitsani pakati pa £175 ndi £300. Ndipo kuyambira Januwale 2022 sitovu yatsopano iliyonse yogulitsidwa imayenera kukwaniritsa muyezo wa Ecodesign, ndiye mukaona yotchipa yakalekale pa Facebook Marketplace ganizani kawiri.

[Kamera iyandikira nkhuni ziwiri patebulo]

Tsopano nkhuni, ndipo apa tikhalitsepo chifukwa mavuto ambiri amayambira pano. Taonani ziwirizi. Iyi ndi yaiwisi, yolemera, khungwa lakakamira, mukaigunditsa ndi inzake imangoti di di. Iyi ndi youma, yopepuka, kumapetoku yang'aluka ming'alu, khungwa likusupuka lokha, mukaigunditsa imalira kuti kho kho. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauika musitovu, moto umayamba kaye ntchito yophwetsa madziwo mmalo motenthetsa inu, mumamva nkhuni ikuti tsiii, thovu likutuluka kumapeto, utsi tolo. Ndalama mwalipira koma mukuotha nthunzi.

Chofunika ndi chakuti chinyezi chisapitirire 20 peresenti. Kuyambira Meyi 2021 ku England ndi zoletsedwa kugulitsa nkhuni zaziwisi zochepera ma cubic metre awiri, ndiye pathumba muziyang'ana chizindikiro cholembedwa Ready to Burn. Koma ine ndimati gulaninso kamakina aka koyezera chinyezi, moisture meter, sikodula ayi. Kagwiritsidwe kake anthu ambiri amalakwitsa, amabaya kunja kwa nkhuni, kunjako kumauma msanga ndiye kamakunamizani. Iwazeni pakati, mubaye mkatimo pomwe mwangowaza kumene, nambala yoona ndi imeneyo.

Mitengo yakuno, oak, ash, beech, imakhalitsa pamoto ndipo imasiya makala abwino, koma oak kuti aume bwinobwino amafuna zaka ziwiri kapena kuposera. Birch amayaka msanga. Paini ndi wabwino poyatsira. Ngati mwapeza mtengo waulere woti aneba adula, tengani, uwazeni, muusanje panja pamwamba pa chinachake osati padothi, pamwamba mufunditse koma mmbali musiye mphepo izidutsa, muiwale za iwo mpaka chaka chamawa kapena chinacho.

Zomwe simuyenera kuyatsa olo zikhale zaulere bwanji: matabwa opaka penti kapena vanishi, zidutswa za mipando ndi makabati a MDF (matabwa opangidwa ndi utuchi womata ndi guluu), matabwa a mpanda othira mankhwala aja, mapulasitiki, matewera, zinyalala. Ndikudziwa ena mumagwira mmawerehausi, mapaleti ali mbwee, koma ena anathiridwa mankhwala kapena anatayikiridwa zinthu zoti simukuzidziwa, utsi wake mupuma ndinu ndi ana anu ndi aneba. Ndipo sitovu yankhuni zokhazokha musaikemo malasha, zoyatsa zonse ziwiri zimalembedwa multi-fuel.

[Kamera ili pachitseko cha sitovu, manja akusanja nkhuni]

Sitovu ikakhala yatsopano musayambe ndi chimoto. Penti wake amafunika apse kaye kuti alimbe, timanjerwa tamkatimu natonso tizolowere kutentha. Ndiye maulendo atatu anayi oyambirira yatsani timoto tating'ono, muzisiya izizire, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono monga kabuku kake kakunenera. Imanunkha, pena kautsi kamatuluka pathupi pake penipeni, musaope, ndi pentiyo. Tsegulani mawindo, ana ndi amene ali ndi asima akhale kuchipinda china, ndipo musaigwiregwire kapena kuikapo ketulo chifukwa penti amakhala adakali wofewa.

Kayatsidwe kake taonani. Pansi ndaika nkhuni ziwiri zokulirapo, pamwamba pake tinkhuni tating'ono topingasa, mizere iwiri itatu, kenako firelighter, kachidutswa kogula koyatsira moto, pamwamba penipeni. Eya, pamwamba. Moto umayambira kumwamba nkumatsika, ndiye chumuni chimatentha msanga nkuyamba kukoka, utsi wochokera pansi umadutsa mmalawi nkupsa. Parafini kapena petulo ayi ndithu, olo dontho. Tsegulani mpweya wonse, kachitseko mukasiye kotsegula pang'ono kwa mphindi zochepa inu muli pomwepo, moto ukagwira tsekani. Kukazizira kwambiri pena utsi umabwerera mnyumba chifukwa muchumuni mwadzaza mpweya wozizira, yatsani kaye firelighter mmodzi yekha kwa mphindi zingapo kuti njira itseguke. Muonenso fani yakukhitchini yokoka utsi wa zophika ija, ngati ili pafupi imatha kukoka utsi wa sitovu kubwera nawo mchipinda, izimitseni.

Masitovu ambiri ali ndi tizitsulo tiwiri ta mpweya. Kapansi ndi koyatsira, moto ukakhazikika kameneko mumatseka chifukwa nkhuni zimakonda mpweya wochokera pamwamba. Kapamwambaka ndi komwe kamatsitsa mpweya pagalasi kuti lisade, kameneka mumangochepetsa koma osatseka konse. Malawi azioneka nthawi zonse, owala, akuvina mofatsa. Akazimiririka nkhuni nkumangofuka, mwaitsamwitsa, tsegulani. Gulani kathemomita ka maginito aka kokakamiza papaipi, kazikhala pakati pa madigiri Celsius 150 ndi 250. Kutsika apo mukupanga phula, kukwera kwambiri mukuononga sitovu ndi nkhuni zomwe. Powonjezera dikirani zatsala makala ofiira, tsegulani kachitseko pang'onopang'ono, ikani imodzi kapena ziwiri basi, osadzaza mpaka kukamwa. Mukafuna kudziwa ngati mukuchita bwino tulukani panja muyang'ane chumuni, pakatha mphindi 15 kapena 20 chiyatsireni simukuyenera kuona utsi wambiri.

Ndiye usiku bwanji, si ndiye kuzizira kwenikweni? Isiyeni ithe yokha. Ikani nkhuni yomaliza nthawi ikadalipo, ipse ndi malawi, chitsulo ndi makoma zimasunga kutentha kwa maola ndithu, mmawa mudzayatsanso, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndipo tinene zoona, sitovu imodzi imatenthetsa bwino chipinda chomwe ilimo, kuzipinda zogona kumafika pang'ono mukatsegula zitseko. Kafani kokhazika pamwamba pa sitovu kaja, koyenda ndi kutentha kopanda batire, kamathandiza kukankha mpweya wotentha. Koma musazimitsiretu hita ya nyumba yonse, mapaipi a madzi amaphulika kukachita chisanu, ndipo zipinda zozizira zimachita nkhungu mmakoma.

[Kamera yaloza alamu pakhoma]

Aka, kaalamu ka carbon monoxide, ndiye musayatse moto kalibe. Carbon monoxide saoneka, sanunkha. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu kwathu mu Juni ndi Julayi akalowetsa mbaula mnyumba nkutseka chitseko, abale athu a ku Joni nawonso nkhani zotere amazidziwa. Munthu amayamba litsipa, chizungulire, nseru, kufooka, nkumaganiza kuti ndi chimfine chakuno. Chizindikiro chachikulu ndi chakuti nonse mnyumba mukumva chimodzimodzi ndipo mukatuluka panja mukupezako bwino. Lamulo limafuna alamu mchipinda momwe muli sitovu, ndipo ngati mukuchita lendi ku England ndi udindo wa landilodi kuika. Ikhale pakati pa mita 1 ndi mamita 3 kuchokera pasitovu, mmwamba, osati kuseri kwa katani kapena mudirowa. Muziidina kabatani kake pafupipafupi, ndipo muone deti yothera ntchito kumbuyo kwake. Alamu ya utsi ija ndi ina, siigwira ntchito imeneyi. Ikalira tsegulani mawindo ndi zitseko, tulutsani aliyense, wina akakhala kuti sakupeza bwino imbani 999, ndipo musayatsenso mpaka katswiri adzaione.

Chumuni chizisesedwa ndi odziwa ntchitoyo, kosachepera kamodzi pachaka, koma poti tikuyatsa nkhuni kawiri ndi bwino, chisanu chisanayambe ndi chikamatha. Phula lija likaunjikana limagwira moto mkati mwa chumuni momwemo, mumamva kulindima ngati ndege, apo ndi kutseka mpweya, kutuluka, 999. Mubukiretu mu Ogasiti kapena Seputembala, ikafika Novembala anthu amenewa sapezeka.

Amene muli ndi ana aang'ono, galasi ili limawotcha khungu kungokhudza kamodzi, gulani kampanda kotchinga kokhomerera kukhoma. Zovala musayanike pasitovu kapena moyandikira kwambiri, nkhuni nazo musaziyedzamiritse pambali pake.

Phulusa musalichotse lonse, siyani lochepa pansi, nkhuni zimayaka bwino pamwamba pa phulusa. Lomwe mwachotsalo liikeni mu ndowa yachitsulo yovundikira ndipo mupite nayo panja nthawi yomweyo, kutali ndi khoma ndi mabini apulasitiki. Mkati mwake mumakhala makala amoyo mpaka mawa lake kapena kupitirira, ndipo ndowa ikagona mnyumba makala amenewo amatulutsanso carbon monoxide yemwe uja. Likazizirira mukhoza kuthira pang'ono kudimba ngati munayatsa nkhuni zokhazokha.