Mukusamukira ku UK ndi mwana? Buku la kusikelo lisatsale m'kabati

(Patebulo pali pasipoti, tikiti ya ndege ndi kabuku ka kusikelo kothaitha.)

Takulandirani. Lero tikucheza ndi inu amene viza yatuluka, masutikesi ali pabalaza, ufa ndi usipa mwalongedza kale. Pa zinthu zitatu zili patebulozi, pasipoti ndi tikiti simungaziiwale. Chosavuta kusiya ndi kabuku aka, makamaka ngati mwana anasiya kalekale kupita kusikelo ndipo inu mumati katemera anamaliza.

Anamalizadi, koma anamaliza wa ku Malawi. Kwathu mwana akangobadwa amalandira BCG woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa jakisoni uja wophatikiza matenda 5, muli kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, pamodzi ndi wa chibayo. Wa chikuku amabwera pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Ku UK ndondomeko yawo imayamba pa masabata 8, 12 ndi 16, ndipo muli akatemera ena amene kusikelo kwathu kulibe.

Ndiye mukafika, namwino wa kwa GP, amene ndi dokotala wa mabanja wa m'dera lanu, amatsegula buku lanu n'kumayerekeza ndi ndondomeko yawo, tsiku ndi tsiku. Zimene zalembedwa amaziwerengera, ndipo sayambiranso pachiyambi ngakhale papite nthawi yaitali chilandirireni womaliza. Koma ngati buku palibe, inunso simukukumbukira bwino, malangizo a UKHSA, bungwe la boma loona za chitetezo ku matenda, amati mwanayo atengedwe ngati sanalandirepo kalikonse. Apo ndiye majakisoni amachuluka, mwana n'kumalira chifukwa cha kabuku kotsala m'kabati ku Area 25.

(Pa sikirini palembedwe: MMR.)

Pamene makolo ambiri amakwiya ndi pa chikuku. Buku likusonyeza bwinobwino kuti mwana analandira kawiri, koma namwino akuti abayidwenso. Musaganize kuti akunyoza chipatala chathu. Nkhani yake ili pawiri. Katemera wa chikuku woperekedwa mwana asanakwane chaka, ku UK samuwerengera, chifukwa pa msinkhu umenewo chitetezo chimene mwana anatengera kwa mayi ake chimatha kusokoneza katemerayo kuti asagwire mokwanira. Kwathu timafulumira dala pa miyezi 9, poti chikuku chikagwa m'mudzi sichidikira kuti khanda likwanitse chaka. Kwinaku, wathu amateteza ku chikuku ndi rubella basi, pamene wawo, MMR, ali ndi matsagwidi momwemo, ndipo amafuna mwana aulandire kawiri. Kuyambira Januwale 2026 anawonjezeramo wa katsabola, dzina n'kukhala MMRV.

Ine ndingati musakane. Tili ndi kamtima koganiza kuti ku Ulaya matenda otere anatha, pamene mu 2024 ku England kokha anthu oposa 2,900 anapezeka ndi chikuku, ambiri mwa iwo ana, ndipo Birmingham ndi London ndi kumene chinavuta kwambiri. M'mizinda imeneyi Amalawi ena amafikiramonso.

Za poliyo nazo zimadabwitsa. Kuyambira mu Epulo 2016, madontho a m'kamwa padziko lonse anawachotsa mtundu umodzi mwa mitundu 3 ya kachilomboka. N'chifukwa chake ku UK madonthowo sawadalira, amafuna wa jakisoni. Ndipo aja ankadonthezera ana khomo ndi khomo mu 2022, poliyo atapezeka ku Lilongwe, nthawi zambiri umboni wake unali inki ya pachala, imene inafufutika sabata yomweyo.

Wina watsopano kwa ife ndi MenB, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, amene ku UK anayamba kuperekedwa mu 2015. Amaperekedwa kwa mwana amene sanakwane zaka 2. Amakonda kutenthetsa thupi makanda, choncho namwino akakuuzani za panado wamadzi, mvetserani muyezo wake.

(Wolankhula anyamule foni ndi kabuku.)

Musananyamuke, jambulani tsamba lililonse ndi foni, ngakhale la kutsogolo lokhala ndi dzina ndi tsiku lobadwa, n'kudzitumizira pa imelo. Buku lenilenilo likhale m'chikwama cha m'manja. Ngati linatayika kapena linanyowa ndi mvula, pitani kuchipatala kumene mwana ankakwera sikelo, mukapemphe alangizi a zaumoyo kuti ayang'ane m'kaundula ndi kukulemberani masiku ake. Ngati pali katemera amene tsiku lake lakwana, abayitseni konkuno.

Mukafika, lembetsani banja lonse kwa GP sabata yoyamba, osadikira kuti mwana adwale. Ku England kulembetsa n'kwaulere, sakakamiza kuonetsa umboni wa nyumba imene mukukhala, ndipo akatemera a ana pa NHS, zipatala zawo za boma, salipiritsa. Funsaninso za kabuku kawo kofiira, Red Book, kamene ndiye buku lawo la kusikelo. Sukulu za ku UK sizikaniza mwana malo chifukwa cha katemera, ndiye palibe amene adzakuthamangitseni, zili kwa inu. Amene mukulowera ku South Africa dziwani kuti kumeneko n'zosiyana: polembetsa kusukulu amafunsa umboni wa katemera, kabuku kawo ndi Road to Health, ndipo wa chikuku amapereka pa miyezi 6 ndi 12.

Nanga khanda lobadwira ku UK konko? BCG ku UK sapereka kwa mwana aliyense, anasiya zobaya ana m'masukulu mu 2005. Amapereka kwa ana amene makolo kapena agogo awo anabadwira m'dziko limene chifuwa chachikulu n'chofala, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo. Mzamba akakufunsani kumene inu ndi makolo anu munabadwira, yankhani momveka kuti Malawi, ndipo ngati mwezi watha osaitanidwa, imbani foni kwa GP mufunse tsiku lake.