Mwatsika pa Park Station, tsopano mudziwane ndi ndani? Za kupeza anthu ku Joni

Takulandirani abale athu, kaya mukutionera ku Rosettenville, ku Diepsloot, ku Cosmo City, kapena mudakali ku Mangochi mukusonkhanitsa ya basi. Lero tikambe za anthu. Mukafika mu Johannesburg, ndani oti akuthandizeni kukhazikika ndi kupeza ntchito? Dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Choyamba, mwachangu: nambala ya foni ya konkuno. Polembetsa SIM, chomwe amati RICA, amafuna pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala. Mukaipeza musamaisinthesinthe. Bwana amene munamugwirira ganyu mu Malichi akakukumbukirani mu Ogasiti, ayimba nambala yomweyo.

Chachiwiri, kopemphera. A CCAP alipo kuno ndipo amapemphera m'zilankhulo zakwathu, Asilamu mizikiti ndi yambiri ku Mayfair ndi ku Fordsburg. Musamangokhala kumbuyo n'kuthawa pemphero likatha. Lowani kwaya, lowani Mvano kapena Chigwirizano, ndipo gulu la maliro musalizengereze. Kunyamula thupi kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza si ndalama ya munthu mmodzi.

Tsopano imani kaye, chifukwa pali bodza limene limatipweteka mtima, ndipo lagonetsa anthu ambiri pa matiresi a eni ake kwa miyezi. Akuti: "Ine ndili ndi achimwene ku Joni, ntchito siivuta." Ayi ndithu! Achimwenewo akupatsani pogona, akudyetsani, akusonyezani pokwerera takisi, ndipo muwathokoze. Koma taganizani. Mukukhala pa yadi imodzi anthu 8 ochokera boma limodzi. Gulu la WhatsApp ndi lomwelo, tchalitchi chomwecho, msika womwewo. Ikamveka ntchito imodzi ya m'garden ku Randburg, nonse mwaimva mphindi imodzi, nonse mwatumiza uthenga. Bwana wa achimwene anu ali ndi dimba limodzi, ndipo muli kale achimwenewo.

Zimenezi zinafufuzidwapo. Cha m'ma 1970, katswiri wa ku America, Mark Granovetter, anafunsa anthu a kufupi ndi Boston momwe anapezera ntchito. Mwa amene anaipeza kudzera mwa munthu, ambiri anaimva kwa munthu yemwe amangokumana naye mwa apo ndi apo, osati mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. Chifukwa chake n'chosavuta: amene muli naye pafupi akudziwa zomwe inu mukudziwa kale. Nkhani yatsopano ili ndi uja amayenda kwina.

Ndiye ku Joni anthu amenewa ndi ati? Mlonda wa pa geti la complex, mpanda wa nyumba zambiri. Iye amalemba aliyense wolowa ndi wotuluka, amadziwa nyumba imene wantchito wasiya sabata yatha. Mayi wa ku Lesotho kapena ku Zimbabwe wogwira m'nyumba yoyandikana, amene madamu ake amamufunsa kuti, "Kodi sukudziwa munthu wokhulupirika?" Wogulitsa mu hardware, yemwe m'mawa uliwonse amaona makontrakita akugula simenti. Mwini spaza, kagolosale ka pakona. Anthu amenewa simungawafike ngati simupereka moni m'chilankhulo chawo. "Sawubona", "Ngiyabonga", "Dumela": mawu ochepa, koma nkhope ya munthu imamasuka. Ambiri a ife timaopa kuyankhula mu takisi kuti angatizindikire kuti ndife obwera, ndipo manthawo ndi omveka, ziwawa zochitira obwera za 2008 ndi 2015 sitinaziiwale. Komatu zinthu zikavuta m'dera, amene amakutsinani khutu msanga ndi neba wa konkuno amene amakudziwani dzina. Funsani ngakhale zazing'ono, monga chala choloza m'mwamba choimitsira takisi yopita m'tauni. Safunsa anadya phula.

Tilembereni pansipa: ntchito yanu yoyamba munaimva kwa ndani? Ndemanga zonse timawerenga.

Chachitatu, umboni wa ntchito. Paliponse mwagwirapo, ngakhale masiku awiri pa sabata, pemphani kalata yokhala ndi dzina la bwana, nambala yake ndi miyezi imene munagwira. Muwauze kaye musanapereke nambala yawo kwina. Ambiri amagwa apa: bwana watsopano wayimba, wakale uja wadzidzimuka, akuti sakukukumbukirani bwino, basi mwayi wapita.

Chachinayi n'cha a masukulu. Satifiketi yanu ipite ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi konkuno, akaiunike. Ntchito zina zili ndi mabungwe awo olembetsera: anamwino amalembetsa ku SANC, aphunzitsi ku SACE, mainjiniya ku ECSA. Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lodziwirana pa za ntchito, musangotumiza pempho lopanda mawu. Lembani mizere iwiri: ndinu ndani, ndipo funso lanu limodzi ndi liti. Kupempha ntchito pa uthenga woyamba kumathamangitsa anthu.

Palinso parkrun. Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa anthu amathamanga kapena kuyenda makilomita 5, kwaulere. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti n'kupatsidwa barcode. Yoyamba mu South Africa inayamba ku Delta Park, mu Joni momwemuno, mu 2011. Mukadzipereka kuthandizira pamenepo masabata angapo, anthu a m'maofesi amene simukanawapeza pena paliponse amayamba kukuitanani ndi dzina.

Chomaliza, ndipo achemwali athu mumvetsetse. Wina akati perekani ndalama yolembetsera kuti akupezereni ntchito, chokanipo, ngakhale atakhala wakwanu woyankhula Chichewa chokoma. Lamulo la Employment Services Act la 2014 limaletsa makampani opezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchito. Pasipoti yanu musasiyire munthu, perekani fotokope. Akakuitanirani ku intavyu kumalo osawadziwa, tumizani location kwa m'bale musanalowe pa geti.

Masiku 30 amene amakudindirani pa boda ndi ochezera, osati ogwirira ntchito. Za mapemiti tazifotokoza mu vidiyo imene yatuluka pakona apa, idineni.