Chinjoka cha m'nthano ndi alendo a pachipata

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Machitidwe a Atumwi 10:9-28, koma ndiyambe ndi nkhani zopeka zija zokamba za zinjoka zolavula moto, zimphona za m'mapiri ndi anthu a pansi pa nyanja okhala ndi mchira wa nsomba.

Zambiri mwa nkhanizi zimayenda njira yofanana. Pamakhala mtundu wa zolengedwa umene aliyense amauopa, ngakhale kuti palibe amene anakhalapo nawo pansi n'kucheza nawo. Ana amakula akuuzidwa kuti kutsidya kwa mtsinje kuli zilombo, ndipo nakonso kutsidyako ana a zilombozo amauzidwa zomwezo za anthu. Chimene chinayambitsa udaniwo chinaiwalika kalekale, koma mikondo imanoledwabe chaka ndi chaka. Kenaka wina, kawirikawiri mwana kapena munthu wonyozeka, amakumana ndi chinjoka chovulala, n'kupeza kuti nachonso chimamva ululu, chili ndi dzina, ndiponso chimalira ana ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekhayo ndi amene amaona zimene mudzi wonse unalephera kuona.

Ine nkhani zoterezi sindizinyoza, chifukwa zimafewetsa mtima. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tikamawerenga, tonsefe timadziika m'malo mwa mwana wachifundo uja, ndipo palibe amene amadziona ali m'khamu lonyamula mikondo. Kumvera chisoni chinjoka n'kosavuta, pakuti chinjoka sichidzabwera kudzafunsira mwana wanu, sichidzapikisana nanu pa ntchito, ndiponso sichidzakhala pafupi nanu m'tchalitchi. Mfumu Davide inapsa mtima kwambiri mneneri Natani ataiuza za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, mpaka inagamula kuti munthuyo ayenera kufa. Chiweruzo chake chinali chowongoka pa nthawi yonse imene inkaganiza kuti nkhaniyo ndi ya wina, kufikira Natani atanena kuti munthuyo ndi Davide yemweyo (2 Samueli 12:7).

Mulungu nayenso anaphunzitsa Petro kudzera mu zolengedwa zimene ankanyansidwa nazo. Petro anali ku Yopa, m'nyumba ya Simoni wofufuta zikopa, ndipo cha m'ma 12 koloko masana anakwera padenga kukapemphera ali ndi njala. Anaona chinthu chonga chinsalu chachikulu chikutsitsidwa kuchokera kumwamba, m'kati mwake muli nyama za miyendo inayi, zokwawa ndi mbalame, ndipo mawu anamuuza kuti aphe n'kudya. Iye anakana, ponena kuti chibadwire sanadyepo chodetsedwa. Tisafulumire kumuweruza, chifukwa kukana kwakeko kunachokera pa zimene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana, ndipo kwa iye kunali kuopa Mulungu. Tsankho lovuta kuzula ndi limene lavala chovala cha chiyero. Mawuwo anamuyankha kuti asatche chodetsedwa chimene Mulungu wachiyeretsa, ndipo izi zinachitika katatu.

Chimene ndikufuna tichigwire m'mawa uno ndi zimene zinatsatira. Petro sanapatsidwe mpata woti akhale padengapo tsiku lonse akusinkhasinkha kukoma kwa masomphenyawo. Akulingalirabe tanthauzo lake, amuna atatu anali ataima kale pachipata akufunsa dzina lake, antchito awiri ndi msilikali mmodzi, otumidwa ndi Korneliyo, mkulu wa asilikali a Roma, boma lomwe linkalamulira dziko la Ayuda. Nyama za m'chinsalu zinabwerera kumwamba, koma anthuwa anafunika kuwatsegulira, kuwalowetsa m'nyumba ndi kuwapatsa malo ogona. M'mawa mwake Petro ananyamuka nawo ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kupita ku Kaisareya, n'kukalowa m'nyumba imene Myuda sankayenera kulowamo. Kumeneko anavomereza poyera kuti Mulungu wamuonetsa kuti asatche munthu aliyense wodetsedwa. Onani kuti masomphenya anali a nyama, koma iye anati munthu.

Nkhani zopeka zimakonda kuthera pa chikondwerero, anthu ndi zimphona akudyera pamodzi, ngati kuti udani ukatha watheratu. Malemba sabisa kuti mtima wa munthu umabwerera m'mbuyo. Patapita nthawi, ku Antiokeya, Petro yemweyo anasiya kudya ndi okhulupirira a mitundu ina poopa abale amene anachokera kwa Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, mpaka Barnaba naye anatengeka, ndipo Paulo anam'dzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Munthu amene anaona chinsalu chija katatu anagwa chifukwa choopa zimene a kwawo anganene.

Tiyeni tipemphere. Atate, tionetseni munthu amene takhala tikumuweruza potengera mtundu wake, chilankhulo chake, khungu lake kapena mbiri imene tinangomva kwa ena. Akaima pachipata chathu lero, tipatseni mphamvu yotsika padenga ndi kumutsegulira, ngakhale abale athu akutiyang'ana. M'dzina la Yesu, ameni.