Difu loko ya thalakitala yaing'ono: ipondeni nthawi iyi, osati iyi

[Kamera pafupi: giya yothothoka mano ili pa thebulo, oyilo wakuda akudontha]

Taonani giya iyi. Mano ake mukuona mmene athothokera? Yachokera m'mimba mwa thalakitala yaing'ono, ndipo si ukalamba umene wachita izi. Ndi chidendene cha dalaivala. Moni alimi anzanga a ku Chipata, Katete, Chadiza mpaka ku Lundazi. Mvula ili pafupi, madambo ayamba kufewa, ndiye musachoke msanga, chifukwa pali bodza limene ndikufuna tilikwirire lero.

Zoyambira mwachangu. Kaya muli ndi Kubota, Mahindra kapena Massey Ferguson yaing'ono, giyabokosi, difu ndi maekiselo akumbuyo zimakhala m'thupi limodzi lachitsulo, ndipo pa mathalakitala ambiri oyilo wake ndi yemweyo amene amanyamula pulawo. China chikaphwanyika, tizitsulo take timayenda ponseponse mpaka ku pampu ya haidiroliki. Difu imalola tayala limodzi kuthamanga kuposa linzake pokhota. Kuipa kwake, m'matope imazunguza tayala limene likuterera, linzake n'kungoima chilili. Loko imamanga matayala awiriwo kuti azungulire pamodzi. Kapedulo kake kali pansi, pa chidendene. Basi.

Tsopano bodza lija. Akuti difu loko imawonjezera mphamvu. Ndiye mupeza munthu waimanga pedulo ija ndi waya kapena mphira ya chubu, kuti ikhale yopondeka tsiku lonse. Abale anga, mphamvu imachokera ku injini. Loko siiwonjezera ngakhale pang'ono. Imangoonetsetsa kuti mphamvu imene ilipo kale ifike ku tayala limene lagwira nthaka. Nthaka ikakhala youma, matayala onse agwira kale, ndiye mukumangiranji?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Amene munalimapo ndi ng'ombe mukudziwa: pokhota kumapeto a mzere, ng'ombe yakunja imayenda ulendo wautali, yamkati imangoponda pamodzimodzi. Matayala ndi chimodzimodzi. Ngati pakati pa matayala akumbuyo pali mita 1.2, mukatembenuka kubwerera kumene mwachokera, tayala lakunja liyenera kuyenda mamita pafupifupi 3.8 kuposa lamkati. Loko ili mkati, silingathe. Mamita amenewo apite kuti? Pamatope tayala limaterera, vuto n'kutha. Koma pa nthaka yofiira youma gwa, pulawo ili kumbuyo, matayala odzazidwa madzi, siliterera msanga. Ekiselo imapotoka, mano a loko amakukutika, ndipo thalakitala imakana kukhota, mukukhotetsa siteringi iyo ikungolunjika kutchire. Mukhote choncho mzere ndi mzere, hekitala ndi hekitala, nyengo yonse. Kenako tsiku lina phwa! Eni ake n'kumati mathalakitala ang'onoang'onowa ndi osalimba. Amene wamanga waya uja ndani?

Ndipo pa Great East Road, ngolo yodzaza matumba a chimanga kupita ku depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, loko ili mkati, pamenepo sitikukambanso za ndalama. Thalakitala yokana kukhota pa msewu wa phula ingathe kugubuduka.

Pali enanso amene anamva kuti loko imaswa difu, ndiye saikhudza n'komwe. Atitimira m'dambo, tayala limodzi likuponya matope, iwo akungowonjezera moto. Dziwani ichi: tayala limodzi likaima, linzake limazungulira kawiri liwiro lake lanthawi zonse, ndipo timagiya ting'onoting'ono ta mkati mwa difu timathamanga pa kamtanda kake mopitirira mmene tinapangidwira. Timatentha, oyilo sakwana, timagwirana ndi chitsulocho. Difu yapsa loko osaigwirako.

Ngati mwafika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja, ndipo tumizani vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kopaletivu yanu, makamaka ngati thalakitala yanu imayendetsedwa ndi anthu osinthanasintha.

Nanga kaponderedwe koyenera?

Choyamba, yang'anani kutsogolo. Mukaona malo onyowa, kapena tayala limodzi lili m'ngalande ya pulawo linzake pa udzu woterera, pondani loko musanafikepo, matayala akuyenda mofanana, liwiro lili lochepa, siteringi ili yolunjika.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene giya ya pa thebuloyi inafera. Tayala layamba kale kuzungulira lokha? Osaponda! Mkati muja muli kolala, mphete yachitsulo ya mano kapena mapini, imene imasuntha n'kukola giya inzake. Ina ikuthamanga, ina yaima, inu n'kuzigundanitsa: mano amabenthuka, mapini amadukira momwemo. Tsitsani moto. Pondani kilatchi, kapena chotsani phazi pa pedulo ngati yanu ndi ya haidirositatiki, yoyenda ndi mphamvu ya oyilo mukaponda pedulo. Dikirani tayala liime. Kenako ikani chidendene pa loko, yambani kuyenda pang'onopang'ono, mumva ikulowa yokha pamene mano akumana. Osaidumphira ngati yakana, ingopanikizani mofatsa. A madalaivala achinyamata, ndikunena inu.

Chachitatu, yendani molunjika, giya yotsika.

Chachinayi, mukatuluka pamatope chotsani phazi, musanakhote. Nthawi zina pedulo imakhala pansi chifukwa mano akadali othina. Gundani buleki imodzi pang'ono, kenako inayo, kapena bwererani m'mbuyo pang'ono, idzadzuka. Yang'anani ndi maso kuti yadzukadi. Matope ouma ndi dzimbiri pa ndodo yake ndi pa sipuling'i zimaigwira, ndiye tsukani, pakani girisi.

Chachisanu, ngati matayala onse awiri akukumba loko ili mkati, imani. Kwezani pulawo, masulani ngolo, itanani anzanu akukokeni.

Pa oyilo, mwachidule. Ambiri mwa mathalakitalawa mabuleki ake amasambira mu oyilo yemweyo, ndiye amafuna oyilo wa UTTO, wopangidwira giyabokosi, haidiroliki ndi mabuleki otere, kapena UDT pa Kubota, osati giya oyilo wa 90 wa galimoto. Maola osinthira ali m'buku la thalakitala yanu. Sololani dipisitiki: oyilo akaoneka woyera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, mwina powoloka mtsinje, ndipo musadikire maola, sinthani pamodzi ndi fyuluta. Pokhetsa, yang'anani pa bawuti yotsekera ndi pa sefa. Kafumbi kosalala sikoopsa. Tizidutswa tomveka m'zala, imitsani thalakitala. Kulira kwa kumbuyo kosintha ndi liwiro, kugogoda pokhota, oyilo wodontha kuseri kwa tayala, zonsezi muitane makanika zisanakule, chifukwa kufika pa difu ndi kumasula theka la thalakitala, ndipo sipeya zambiri muyitanitsa ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500 kapena kuposa, anzanu akubzala nshawa ndi soya.

Ndinatsala pang'ono kuiwala: 4WD, yokoketsa matayala onse anayi, nayonso ichotseni pa phula, ndipo mapedulo awiri a mabuleki muwakole pamodzi musanalowe mumsewu.

Lembani m'munsimu mtundu wa thalakitala yanu ndi mbali imene pedulo ya loko ili, kumanja kapena kumanzere, chifukwa zimasiyana. Vidiyo yotsatira tidzaonetsa kathiridwe ka madzi m'matayala akumbuyo, valavu ili pamwamba.