Funso la Vegeta ndi pempho la wachifwamba uja

Mawu a m'mawa uno: Luka 23:39-43

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndiyambira kutali, ku Japan, ndipo ndikudziwa kuti ena mukangomva za makatuni nkhope imakwinyika. Inenso ndinali choncho.

Pakhomo pano timakhala ndi mwana wa achemwali anga, ali Fomu 2. Mnyamatayu akagwira foni samva kuitana. Nsima imachita kuzizira iye ali pakona, maso tong'o, kuonera anthu atsitsi losongoka ngati minga akukuwa n'kumaponyerana moto. Ndinamukalipira kangapo kuti zimenezo n'zaziwanda. Tsiku lina madzulo magetsi atathima, anabwera n'kukhala pambali panga pakhonde. "Malume, mungoonako kagawo aka kokha. Mukatha, foniyo mundilande." Ndinaonera mpaka batire inatha, ndipo foni sindinamulande.

Makatuni a ku Japan amenewa amawatcha anime, ndipo amene anandionetsawo anali Dragon Ball Z. Nthanoyi anaiyamba Akira Toriyama mu 1984 ngati nkhani yazithunzi m'magazini, ndipo gawo la Z linayamba kuonetsedwa pa TV mu 1989. Mwiniwakeyo anamwalira mu Malichi 2024 ali ndi zaka 68. Si nthano yachikhristu. Ili ndi milungu yakeyake, chinjoka chopatsa anthu zimene apempha, ndiponso akufa amene amabwerako ngati anangopita kumsika. Ndiye pasapezeke wokanena kuti ndasandutsa katuni kukhala Baibulo. Koma kumbukirani Paulo ku Atene: anayenda mumzinda, nawerenga zolembedwa paguwa lawo, nagwira mawu a alakatuli awo omwe, kuti awafikitse kwa Yesu (Machitidwe 17:23, 28). Nanenso ndangotola funso limodzi m'katunimo.

Muli munthu wina dzina lake Vegeta, mwana wa mfumu ya mtundu wankhondo wa Saiyan, wodzikonda kotheratu. Anabwera padziko lapansi ndi mnzake Nappa, kudzachita nkhondo, ndipo pankhondo imeneyo anzake anayi a Goku, ngwazi ya nthanoyi, anafa. Nappa atavulala n'kutambasula dzanja kuti amudzutse, Vegeta anamupha yekha, poti wolumala analibenso naye ntchito. Pamapeto Vegeta anagonja, n'kumakwawa chamimba kuti akalowe m'chombo chake athawe. Krillin, mnzake wa Goku, anatenga lupanga n'kumupeza kuti amuphe. Goku, ali thasa pansi mafupa atathyoka, anapempha kuti amusiye apite.

Apa ambiri amafulumira kunena kuti taonani chisomo. Ine ndikuti tisathamange. Goku anavomera yekha kuti pempho lakelo linali lodzikonda: anaona kuti n'kuwononga kupha katswiri woteroyo, ankafuna adzamenyane nayenso. Anamusiya chifukwa anaona kanthu kaphindu mwa iye. Mulungu sanatisiye amoyo chifukwa anationa kuti ndife akatswiri. Aroma 5:6 akuti Khristu anafera osapembedza pamene tinali ofooka, ndipo ndime 10 ikutitchula dzina lenileni, adani.

Komabe chifundo chija, chopereweracho, chinayamba kugwira ntchito mwa Vegeta pang'onopang'ono, ngati madzi olowa pansi pa khoma. Sanasinthe tsiku lomwelo. Atachira anapita kudziko la Namek n'kupha mudzi wathunthu. Patapita zaka anakhazikika padziko lapansi, nabereka mwana, Trunks, mwa Bulma, mayi wa m'gulu la anzake a Goku. Kenako anachita chinthu chimene chinandilasa mtima chifukwa ndimachidziwa. Ataona kuti wayamba kufewa, kuti wayamba kukonda banja ndi mtendere, anadzipereka dala kwa mfiti Babidi kuti abwerere ku nkhanza zake zakale. Chilembo cha M chinaoneka pamphumi pake, ndipo anaphulitsa anthu osalakwa amene anangobwera kudzaonera mpikisano pabwalo. Amene munabwererapo m'mbuyo mutalawa kale ubwino wa Ambuye, mukudziwa kuti nthawi zina sitigwa mwangozi. Timachita kuyenda tokha kupita kwa Babidi.

Kagawo kamene mnyamata uja anandionetsa ndi kotsatira apa. Chilombo chotchedwa Majin Buu chauka, ndipo Vegeta akudziwa kuti chauka chifukwa cha iye. Akuitana Trunks, namuuza kuti chibadwire sanamukumbatirepo, n'kumukumbatira. Kamnyamatako kakuchita manyazi. Akukakomola kuti kasaone zotsatira, nakapereka kwa Piccolo, wankhondo wa mbali ya Goku. Ndiye asanadziphulitse kuti afere limodzi ndi chilombocho, akufunsa Piccolo ngati akafa adzaonane ndi Kakarot, dzina limene amaitanira Goku, kudziko linalo, poti panthawiyo Goku anali atafa kale ndipo anangobwerako kwa tsiku limodzi.

Piccolo sanamunyengerere. Anamuuza kuti sizitheka, wapha anthu osalakwa ochuluka kwambiri, ndipo kumene apite si kumene kuli Goku. Vegeta anangovomera. Anadziphulitsa, thupi lake linauma ngati mwala n'kuphwanyika, ndipo patangopita kanthawi zidutswa za Buu zinasonkhananso, chilombo chija n'kuimirira chamoyo. Munthu wapereka zonse zimene anali nazo, koma ngongole ili pomwepo ndipo mdani sanafe.

Ndinakhala chete pakhonde paja, udzudzu ukundiluma ine osamva. M'mutu mwanga munali munthu wina amene anafunsa funso ngati lomwelo, ali pa ola lomaliza ngati lomwelo.

Luka akutiuza za ochita zoipa awiri opachikidwa pamodzi ndi Yesu. Mateyu 27:44 akuwatcha achifwamba, ndipo akuti onse awiri anamunyoza. Ndiye uyu amene timamukondayu sanafike pamtanda ali wofatsa. M'mawa womwewo pakamwa pake panatuluka chipongwe. Koma pena pake mtima unatembenuka. Anadzudzula mnzake, navomera kuti iwo akulandira zoyenera ntchito zawo, pamene munthu wapakatiyo sanalakwe kanthu. Taonani, chimene Piccolo anauza Vegeta, wachifwambayu anadziuza yekha. Sanachepetse mlandu wake. Atatero anati, "Yesu, ndikumbukireni m'mene mulowa mu Ufumu wanu."

Tamuyang'anitsitsani munthu ameneyu. Manja akhomedwa, sangabweze zimene analanda. Miyendo sangayende nayo kukapepesa kwa amasiye amene anawaliritsa, ndipo dzuwa lisanalowe asilikali adzaithyola. Alibe chakhumi, alibe nthawi yosala kudya, sangakwere phiri kukapemphera. Vegeta analiko ndi mphamvu zoti aphulitse. Uyu analibe ngakhale imfa yoti apereke, poti imfa yakeyo inali kale malipiro a milandu yake. Ndipo yankho limene analandira ndi ili: "Indetu, ndinena ndi iwe, Lero lino udzakhala ndine m'Paradaiso."

Piccolo sananame. Anawerengera bwinobwino ngati mlembi wa khoti, ndipo Yesu akanafuna kuwerengera choncho, wachifwamba uja akanamva zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti Piccolo anangoima pambali, alibe choti alipire. Amene anayankha wachifwamba anali pamtanda wakewake, magazi akuchucha, akulipira mlandu womwewo pa ola lomwelo.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo pamudzi mwambiwu umathandiza. Tsoka lake timaunyamula n'kulowa nawo m'tchalitchi. Ndidziulule ndekha. Sabata imene ndalankhula mawu oipa kwa mayi a kunyumba, Lamulungu lake ndimalawirira, ndimakonza mabenchi, chopereka ndimawonjezerako, nyimbo ndimaimba mokweza kuposa onse. Mumtima ndimakhala ndikuti, Ambuye, tachotseraniko pa ngongole ija. Koma tchimo lili ngati ngongole ya katapila: ukamalipira wekha umangothira pa chiwongola dzanja, mutu wake uli chilili. Ndipo kupepesa kwenikweni, kwa munthu amene ndinamulakwirayo, ndimakuzengereza chifukwa ndadzinamiza kuti ndakonza kale ndi Mulungu. Aefeso 2:8-9 amandivula zonsezi: tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndi mphatso ya Mulungu, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitame. Ntchito zabwino zikubwera pa ndime 10, pambuyo pake, ngati zipatso za mtengo umene wadzalidwa kale.

Mwina wina akuwerenga mawuwa ali ndi chilembo chake pamphumi chimene anthu a m'dera lake amachiona asanamupatse moni. Munatuluka kundende. Munathetsa banja la eni. Munadya ndalama za gulu, kapena munali mtsogoleri wa kwaya ndiye munagwa poyera. A Piccolo alipo ambiri, ena timakhala nawo benchi imodzi, ndipo zimene akunena za mbiri yanu mwina n'zoona ndithu. Musalimbane nawo. Funso lanulo mwangolipititsa kwa munthu wolakwika.

M'mawa mwake ndinamufotokozera mnyamata uja zonsezi akumwa tiyi. Anamvetsera, kenako anaika kapu pansi. "Koma malume, simunaone kutsogolo. Vegeta anadzaukitsidwa." Anandilongosolera kuti kumapeto kwa nkhondo ya Buu anapempha chinjoka kuti chiukitse onse amene anafa, kupatula oipitsitsa, ndipo amene anakonza pempholo anali Vegeta yemweyo. Anthu atauka, anapezeka kuti nayenso wauka. Ndiye kuti sanawerengedwenso m'gulu la oipa.

Ndinamuuza kuti ndasangalala naye Vegetayo, koma amvetsetse mawu a pempholo: onse, kupatula oipitsitsa. Pachipata chimenecho wachifwamba uja akanatsala kunja. Saulo wa ku Tariso, amene anadzitcha yekha wamkulu wa ochimwa pa 1 Timoteo 1:15, akanatsalanso. Ndinamutsegulira Marko 2:17 kuti awerenge yekha, pamene Yesu akuti sanadze kudzaitana olungama koma ochimwa, ndi Aroma 4:5, pamene Mulungu akutchedwa woyesa osapembedza ngati olungama.

Anawerenga kawiri, chala chikutsata mzere. Kenako anafunsa, "Ndiye Frieza, amene anapha mtundu wonse wa a Vegeta, atapempha ngati wachifwambayo, angalandiridwe?" Ndinati Frieza ndi chojambula, alibe mzimu woti upulumuke, koma munthu weniweni woipa ngati iyeyo atalapa n'kuitana pa Yesu, inde. Anapukusa mutu. "Zimenezo ndiye n'zosakomera anthu abwino, malume." Ndinamuuza kuti mkulu wake wa mwana wolowerera ananenanso zomwezo, akawerenge Luka 15 akaweruka. Anatenga chikwama n'kuthamanga, nthawi ya sukulu inali itamuthera.

Tipemphere. Ambuye Yesu, tabwera manja ali lende, tilibe cholipira. Zimene anthu akunena za ife zambiri n'zoona, ndipo zina sakuzidziwa n'komwe. Tikumbukireni monga munakumbukira uja wa pambali panu. Ndipo amene tinawalakwira, tipatseni mphamvu tikawaone lero dzuwa lisanalowe. Amen.