Constructivism m'masamu: bodza limene landitopetsa

Muli bwanji anzanga a kuno ku Mzuzu, a ku Luwinga, a ku Chibavi ndi kwina konse! Dinani kaye subscribe, tiyambe.

Choyamba, mwachangu. Akatswiri a constructivism amati ukanena kuti nambala inayake ilipo, uionetse kapena upereke njira yoipezera. Kondakitala pa depoti akati malo alipo, simulipira musanauone mpandowo.

Chachiwiri, mayina. Mu 1908 L.E.J. Brouwer, katswiri wa masamu wa ku Netherlands wa maganizo amenewa, anati lamulo loti mfundo iliyonse ndi yoona kapena yabodza silodalirika pa zinthu zopanda malire. Katswiri mnzake David Hilbert anatsutsana naye kwambiri, mpaka mu 1928 anamuchotsetsa pa gulu la akonzi a magazini ya masamu yotchedwa Mathematische Annalen.

Chachitatu, khalani pansi. Ophunzira ambiri, ngakhale a ku Mzuni, amandilembera kuti anthu amenewa amakana umboni uliwonse wodalira kusemphana. Bodza limenelo! Tengani √2. Tiyerekeze kuti ndi fulakishoni yochepetsedwa kale. Mukawerengera, nambala yapamwamba ndi yapansi zonse zipezeka kuti zimagawika ndi 2. Koma tinati ndi yochepetsedwa kale! Zasemphana, ndiye √2 si fulakishoni. Umboni umenewu Brouwer analibe nawo vuto. Kusonyeza kuti chinthu n'chosatheka mwa njira imeneyi n'kololedwa.

Chimene amakana ndi kunena kuti "sizingatheke kuti kulibe, choncho chilipo". Tengani pepala, ndikudikirani. Kodi alipo manambala awiri osakhala mafulakishoni, oti ina ikakhala pawa ya inzake yankho n'kukhala fulakishoni? Yesani √2 pawa √2. Ngati ndi fulakishoni, tamaliza. Ngati ayi, ikwezeninso pawa √2, mupeza 2. Tamalizanso. Koma manambala awiriwo ndi ati? Umboniwo sukutiuza! Apa m'pamene wa constructivism amakanira, ndipo ine ndili naye. Iye akupatsani m'manja: √2 pawa log₂9 (pawa yomwe 2 ikakwezedwa nayo imapereka 9). Onse awiriwa si mafulakishoni, koma yankho ndi 3.

Kuwerengera konse ndakuika pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo a MSCE, makalasi athu a Loweruka ku Katoto akadalipo.

Chachinayi, mapulogalamu a kompyuta oyesa maumboni, monga Agda, anamangidwa pa maganizo omwewa. Sabata yamawa tikambirana za Errett Bishop, amene mu 1967 anasonyeza kuti masamu ochuluka a calculus amatheka m'njira imeneyi.